Wotchi m'manja mwa olemekezeka

Kalata inatipeza mochedwa, monga chimachitira chilichonse chochokera kumwera pobwera ku Chitipa, tsiku lomaliza loyankhira litayandikira kale. Nthawi imeneyo ndinali mphunzitsi woyang'anira zamasewera pasukulu ya sekondale paboma. Zipani zambiri zinali zitangoyamba kumene, ndipo aliyense anali pakalikiliki kuphunzira kulankhula mokweza.

Kalatayo inkanena za mpikisano waukulu uja wa maiko onse, wochitika kamodzi pa zaka zinayi, kumene othamanga, osambira, ankhonya ndi ena onse amakumana pamalo amodzi. Kumeneko sumangonyamuka chifukwa kwanu amakutama. Mtunda uliwonse uli ndi nthawi yake yoikika, ndipo dziko limatumiza yekhayo amene waikwanitsa. Dziko ngati lathu likasowa wokwanitsa, amalichitira chifundo ndi malo amodzi kapena awiri, kuti lipereke kwa amene waposa anzake kwawo. Choncho akuluakulu a zamasewera kumzinda anafuna kuti paboma lililonse tithamangitse anthu athu, tilembe nthawi zawo pafomu, woyeza asaine, chidindo chidindidwe. Amene nthawi zawo zikanaoneka bwino akanaitanidwa kumzinda kukapikisana, ndipo wopambana kumeneko ndiye akanakwera ndege.

Ine ndinali naye munthu wanga. Anali mlonda wa nkhalango ya Mughese, bambo wa ana awiri, wosalankhulalankhula. Ntchito yake inali kuthamangitsa ocheka matabwa mozemba m'zitunda za ku Misuku, ndipo miyendo yake inaphunzira kumeneko, osati pabwalo. Pamipikisano ya paboma ankawasiya anyamata anga akusanza m'mbali mwa bwalo, iye akufunsa ngati kwatsala ulendo wina. Zaka zake zinali kuyandikira makumi atatu. Mwayi uwu ukanamudutsa, zaka zinayi zotsatira zikanamupeza atatha, ndipo tonse awiri tinkadziwa zimenezi ngakhale sitinkazitchula.

Ndinakonzekera ngati wamisala. Ndinabwereka tepi kwa okonza misewu, ndinayeza bwalo kawiri, ndinathira laimu ndekha. Wotchi yoyezera liwiro inalipo imodzi yokha m'boma lonse, ya sukulu yathu, yakale yamivi, imene ahedi ankaisunga m'kabati itakulungidwa m'kansalu.

Kenako komiti ya zamasewera inakhala pansi, ndipo m'pamene zinaonongekera. Wapampando wake anali wamalonda wochokera kumwera ngati ine, mwini sitolo pafupi ndi msika, munthu amene masewera ake okha anali bawo pakhonde. Iye anali ataitana kale phungu watsopano kuti adzakhale mlendo wolemekezeka. Tsono ife tili ndi mwambo wathu: mlendo wolemekezeka sangokhala, timamupatsa kanthu kochita. Kumpira amamenya mpira woyamba. Kotsegulira mjigo amapopa madzi oyamba. Nanga pothamanga?

"Palibe mpira apa," anatero wapampando. "Olemekezeka akhale manja lende ngati munthu wamba?"

Wina anati tiwapatse wezulo. Wapampando anakana, ati munthu wamkulu sangatupitse masaya pamaso pa anthu ake. Anthu asanu ndi awiri, ena a iwo a imvi zawo, anakhala ola lathunthu kusakira manja a phungu chogwira. Mpaka maso onse anatembenukira kwa ine.

"Bwana wapampando," ndinatero, "wotchi ija si ya ulemu, ndi ya ntchito."

"Aphunzitsi, kodi kudina batani kumafuna digiri?"

Onse anaseka, ndipo ine ndinaseka nawo. Ndimanyansidwa nako kuseka kumeneko mpaka lero. Ndinali mlendo m'bomalo, ndinkafuna kukondedwa, ndipo ndinadzinamiza kuti ndikaima pafupi ndi olemekezeka palibe chingalakwike.

Mpikisano tinaukonza kuti uyambe m'mawa kukuzizira. Phungu anafika dzuwa lili pamutu. Kenako zolankhula: wapampando kuthokoza phungu, phungu kuthokoza wapampando, wina kumasulira zonsezo m'Chitumbuka, winanso kubwereza m'Chilambya. Mlonda wanga anali atayenda pansi dzulo lake kuchokera ku Misuku. Anatenthetsa thupi, linazizira, anatenthetsanso, mphepo ya ku Chitipa ikumumwaza fumbi m'maso. Sanadandaule.

Ndinapereka wotchi ndi manja awiri, nditawerama. Ndinayesa kuwasonyeza batani.

"Nkhumanya, asambizgi, nkhumanya," anatero phungu m'Chitumbuka, kutanthauza kuti "ndikudziwa, aphunzitsi," osandiyang'ana n'komwe.

Poyambira anadina bwino, tisawanamizire. Mtunda unali wa maulendo makumi awiri ndi asanu kuzungulira bwalo. Ine ndinaima pambali pa mpando wawo ndi timiyala m'thumba, ulendo ukatha ndimasamutsira kamwala kamodzi kuthumba lina. Ndipo bambo uja anathamanga tsiku limenelo! Wopanda nsapato, mutu chilili, mapazi osamveka. Anzake anawapitirira kamodzi, ena kawiri. Ngakhale ogulitsa nthochi anasiya madengu awo n'kudzaima m'mbali mwa laimu.

Kutatsala timiyala titatu, lole inalowa pabwalo ikuliza hutala. Inanyamula amayi a chipani ochokera ku Nthalire, amene mseu unawachedwetsa, ndipo anatsika akuimba dzina la phungu. Olemekezeka anadzuka. Anakweza dzanja m'mwamba, lomwe lija linali ndi wotchi, nalifumbata mwamphamvu uku akuligwedeza motsatira nyimbo. Ndinaona chala chachikulu chikutsikira pabatani. Atatsitsa dzanja, muvi unali utaima.

Ndinali mapazi awiri okha kuchokera pamene phungu anaima. Ndikanailanda wotchiyo n'kuiyendetsanso, tikanangotaya timphindi tochepa, toti n'kukambirana. Koma kulanda chinthu m'manja mwa phungu, amayi ake akumuvinira? Dzanja langa linanyamuka, n'kubwerera lokha m'thumba mwa timiyala.

Mlonda anamaliza maulendo atatu aja ngati akuyamba kumene, ndipo bwalo lonse linaphulika. Phungu anadzidzimuka, anayang'ana m'manja mwake, anapeza wotchi itaima, n'kuikweza monyadira ngati waiimitsa pomwepo. Nthawi anaiwerenga yekha pachimkuzamawu. Anthu anaomba m'manja chifukwa nambala iliyonse yotuluka m'kamwa mwa wolemekezeka imaomberedwa m'manja. Ine ndekha pabwalopo ndinkadziwa kuti palibe munthu padziko lapansi amene anathamangapo mtunda umenewo m'nthawi yotero.

Ndinamutengera pambali wapampando n'kumunong'oneza zonse.

"Ndiye mukufuna tikawauze olemekezeka kuti anama?" anandifunsa. "Pamaso pa amayi a ku Nthalire?"

"Tingonena kuti wotchi inavuta. Athamangenso sabata yamawa."

"Fomu ikunyamuka mawa, aphunzitsi. Komanso nthawi yabwino ikukupwetekani pati? Akaiona kumzinda amutumizira galimoto."

Apo n'kuti phungu atayamba kale kulankhula. Ati izi ndiye zipatso za ufulu watsopano. Ati kale anthu a kuno ankathamanga pang'onopang'ono chifukwa cha mantha, koma tsopano taonani. Amayi analulutira. Fomu inabwera patebulo, phungu analemba nambala yake ndi cholembera chake, chidindo chinagwa. Pamzere wa woyeza nthawi panafunika dzina la munthu wodziwa zamasewera. Ndinasaina ndine. Ndinali ndi chiyembekezo chopusa chakuti mwina kumzinda sawerenga mafomu, amangoona amene ali pamwamba.

Anawerenga. Patapita miyezi iwiri kalata ina inabwera ndi maina a oitanidwa, ndipo la ku Chitipa munalibe. M'munsi mwake analembamo kuti fomu yathu aitaya chifukwa nthawi yake ndi yabodza loonekeratu, ndi kuti wothamangayo sadzaganiziridwa pa chisankho chimenechi. Ndinamva pambuyo pake kuti fomuyo inayenda ofesi ndi ofesi anthu akuiseka. Amene ankasekedwa sanali phungu, sanali wapampando. Dzina limene linali pamwamba, pambali pa nambala ija, linali la mlonda.

Komiti inakhalanso pansi ndipo inapeza yankho mosavuta: kumwera sakonda anthu a kumpoto. Phungu analonjeza kuti akaikamba nkhaniyi kunyumba ya malamulo. Aliyense anatuluka mumsonkhanomo atakhutira, ngati munthu wolakwiridwa amene Mulungu adzamuweruzira. Lole ya ku Nthalire palibe anaitchula, ndipo nanenso sindinaitchule.

Loweruka lotsatira mlonda anatsika kuchokera ku Mughese. Anandipeza ndikuchapa kuseri kwa nyumba. Ndinkayembekezera kuti andilalatira, ndipo kunena zoona ndinkalakalaka atatero. Iye anavula chipewa, anandipatsa moni, anafunsa za ana anga, n'kukhala pachitsa.

"Asambizgi, za ndege zija zapita, ndamva. Sindinabwerere zimenezo."

"Pepani, bambo," ndinatero.

"Kwathu akunditcha wabodza. Ati ndinapangana ndi akuluakulu. Ine sindidziwa za mawotchi. Koma tsiku lija thupi langa linandiuza kuti sindinathamangepo chonchi, ndipo sindidzathamanganso chonchi. Ndiye ndimati mundiuze inu, poti munali pompo. Nthawi yanga yeniyeni inali yotani?"

Ndinayang'ana m'beseni. Ndikanatha kupeka nambala yabwino, akanaikhulupirira n'kupita nayo kwa ana ake. Koma ndinali nditamusainira kale bodza limodzi.

"Sindikudziwa," ndinatero. "Palibe amene akudziwa."

"Simunayang'ane?"

"Ndinaona wotchi ikuima kutatsala maulendo atatu. Ndinaopa kulankhula."

Anapotokola chipewa chake. Kenako anadzuka, anasasa fumbi pabuluku.

"Yewo, asambizgi," anatero pothokoza.

Ndinamupempha kuti adikire tiyi. Anati ulendo ndi wautali, ndipo anatuluka pachipata akuyenda pang'onopang'ono.