Nthochi za pa Ukwati wa Mphwanga

Mphwanga, mwana wa amayi aang'ono, atandiuza kuti akukwatira, sindinayambe ndi kumufunira mafuno abwino. Ndinangoti, "Zokongoletsa undisiyire ine." Masiku amenewo ndinali khukhi panyumba ya azungu ena ku Houghton, ku Joni, ndipo ndinali nditaperekerapo mbale pa maukwati awo angapo. Ndinkadziwa mbali yoika foloko ndi yoika mpeni. Kansalu kopukutira pakamwa ndinkatha kukapinda mpaka kuoneka ngati bakha. Munthu wotere mungamuuze chiyani?

Koma ukwatiwo unali ndi minga yake. Mkazi anali Mzulu wa ku Soweto, ndipo amayi aang'ono kwathu ku Ntcheu anakanitsitsa kumutcha mpongozi. Anatuma mawu kudzera mwa munthu wobwera kuno: "Za ku Joni timazidziwa, anthu amangolowana. Ndione ndi maso anga kuti panali ukwati, apo ayi mkaziyo asadzaponde pakhomo pano." Kubwera sakanatha, miyendo inali itayamba kale kutupa. Ndiye zinatsala ndi zithunzi, ndipo wokazipereka ndinali ine, poti ndinali wopita kumudzi patchuthi cha Khirisimasi. Mphwangayo sankaona tulo. Chimene ankafuna n'chakuti tsiku lina adzafike ndi mkazi wake kumudzi, amayi ake awayalire mphasa.

Pokonzekera ukwatiwo tinakumana ku Yeoville, kuseri kwa nyumba ya mzungu wina wokalamba amene ankabwereketsa zipinda kwa anthu akwathu. Iyeyo ndiye anatilola kuchitira madyerero pabwalo pake. Pamsonkhanowo panali amayi ena a ku Thyolo, ochapa ndi kusita kwa azungu, amene pankhani za maukwati aliyense ankawaopa. Iwo anati, "Pageti timangepo mitengo iwiri ya nthochi, tisomekemo maluwa a mumpanda. Kumbuyo kwa akwati tipachike zitenje. Dona wanga ali ndi nthochi zosabereka kumunda kwake, ndikapempha."

Ndinaseka mpaka kukhosomola. "Amayi, kuno ndi ku Joni, si ku Thyolo. Nthochi pageti, tikutsegula msika kodi? Azulu akatiseka, akati Amalawi abwera ndi munda wawo womwe."

"Nanga achimwene mukuti tiike chiyani?"

"Zoyera. Zoyera zokhazokha."

Ndinawafotokozera ngati m'busa pagome: nsalu zoyera za patebulo, makandulo aatali, maliboni oyera, matambula a miyendo. Zonsezi dona wanga anali nazo, zotsala pa ukwati wa mwana wake, ndipo anali atavomera kale kundibwereka. Mkulu wina amene anakalambira kumigodi anapukusa mutu n'kunena kuti, "Ayikona, mfana, zoyera zokhazokha ndi kuchipatala." Ndinamuyang'ana momumvera chisoni. Mphwanga anandiyang'ana ine, n'kuyang'ana amayi aja, kenako anati, "Achimwene ndiwo akudziwa." Amayi a ku Thyolo anangoti, "Chabwino, ndadziwa kale adamanga nyumba yopanda khomo." Ine ndinayesa akunena munthu wina.

Tsiku la ukwati ndinalawirira nditavala jekete langa loyera la kuntchito. Pofika, ndinapeza nthochi zili njo pageti, masamba akugwedera. Amayi aja anali atazisenza okha kuchokera kwa dona wawo, atakangana ndi woyendetsa tekisi njira yonse. Mtima unandiwira. Ndinalamula kuti zichoke pompo. Sanatsutse. Anazimasula mwakachetechete n'kupita nazo kuseri kwa galaja, kumene ankaphikira.

Ndisaname, tebulo langa linakongola. Mpaka lero ndikatseka maso ndimaliona, abakha anga ali ndondondo m'mbale. Akwati atabwera kuchokera kutchalitchi ndinawakhazika pakati, ndipo wojambula atakonzeka ndinayamba kupirikitsa anthu. Uyu chipewa chake chinali chakutha, uyo anabereka mwana wa mamina, winayo nsapato zinali za kumgodi. "Pitani uko! Mukuipitsa chithunzi!" Ngakhale azakhali a mkwatibwi, amene anavala mikanda yawo yokongola, ndinawapempha mwaulemu kuti asunthe pang'ono, mpaka anasunthiratu. M'zithunzimo munatsala anthu awiri ndi makandulo.

Chakudya chitabwera, ndinali paliponse. Uyu wagwira tambula molakwika, uyo waminira m'bakha wanga. Anthu anayamba kudzuka mmodzimmodzi ngati opita kukataya madzi, osabweranso. Posakhalitsa ndinamva nthungululu kuseri kwa galaja. Kenako azimayi anabwera akuimba, n'kunyamula akwati patebulo langa, ine ndikuona.

Ndinawatsatira nditapsa mtima. Kuseriko zitenje zinali zitapachikidwa pachingwe choyanikira zovala, zofiira, zachikasu, zina zozilala. Mtengo umodzi wa nthochi anaumangirira ku paipi ya madzi, atausomeka maluwa. Kaseti inali ikulira, Azulu ndi Amalawi atasakanikirana, lichero la perekaniperekani likuyenda. Mkwatibwi anali atamumanga chitenje pamwamba pa diresi loyera lija, akumuphunzitsa kudula chiuno, iye akuseka mpaka misozi. Mtengo winawo unali utagona pansi, ndipo ndinapunthwa nawo. Basi mkwiyo wanga wonse unathera pa iwo. Ndinaunyamula paphewa kuti ndikauponye kudzala, ndipo njira ya kudzalako inadutsa pakati pa gule. Ndinalowa pakati pa anthu ndikukalipa kuti andipatse njira. Apo m'pamene wojambula anatola chithunzi china popanda wondifunsa. Utomoni wa nthochi unathimbirira pajekete langa, ndipo sunachoke ngakhale ndi mankhwala a dona.

Zithunzi zitatuluka, ndinasankha zanga zoyera. Cha kuseri chija ndinati chitsale, chingatichititse manyazi. Mphwanga anachilowetsabe pansi pa zinzake. "Ingotengani achimwene, sichilemera."

Nditafika kumudzi, ndinawapeza amayi aang'ono atakhala pakhonde, miyendo atayitambasula. Titatha malonje ndinatulutsa zithunzi, mtima uli m'mwamba, ndikudikira kutamandidwa. Anayang'ana choyamba nthawi yaitali. Chachiwiri. Chachitatu. Kenako anazisanjikiza bwinobwino n'kundibwezera.

"Iwe, wandiona ngati mwana?"

"Bwanji amayi?"

"Izi n'za ku situdiyo. Malemu bambo ako aang'ono ananditumizirapo chotere ali kumigodi, atatsamira galimoto, suti ili pathupi. Pobwera anatsika basi ndi kabudula wong'ambika. Kumeneko amabwereketsa chilichonse, ndi diresi la ukwati lomwe. Ukwati wanji wopanda anthu? Ankhoswe ali kuti? Abale a mkaziyo ali kuti? Ndani anaphika, ndani anadya?"

Ndinalumbira, ndinatchula tchalitchi, ndinafotokoza za makandulo. Iwo anatembenukira kumbali n'kupukuta m'maso ndi nsonga ya chitenje. "Mwana wanga wafika pondinamiza ndi zithunzi," anatero. Apo ndinachita mantha enieni. M'maganizo ndinaona mphwanga akundifunsa kuti zayenda bwanji, ndinaona mtsikana uja amene anavina gule wosamudziwa pofuna kukondweretsa anthu a kwa mwamuna wake. Ndikanawauza chiyani, kuti abakha anga awatsekera pakhomo?

Ndinasolola chithunzi chija cha pansi.

Anachiyandikitsa kumaso. Chala chawo chinayamba kuyenda pa anthu mmodzimmodzi. Anazindikira mkulu wa kumigodi uja, yemwe ankamuyesa kuti anafa kalekale. Anaona lichero, anaona mapoto pamoto, anaona azimayi a mikanda. "Awa ndiwo kuchikazi?" Ndinati eya. Chala chinaima pa mkwatibwi ndi chitenje chake. Kenako anaimba nthungululu imodzi yaitali, mpaka anthu a nyumba zoyandikana anatuluka. "Bwerani mudzaone mpongozi wanga! Taonani m'mene wamangira chitenje!"

Ndinapuma. Koma chala chija chinali chisanamalize ulendo wake. Chinafika pakati penipeni pa chithunzi, pamene panali mwamuna wa jekete loyera, mtengo wa nthochi uli paphewa, mitsempha ya m'khosi ili panja, kukamwa kuli yasa.

"Uyu si iwe?"

"Ndine, amayi."

Anandigwira dzanja ndi manja awo onse awiri. "Mwanangu, Mulungu akudalitse. Kutali konseko, pakati pa azungu, iwe unakumbukira kuti ukwati wa mng'ono wako ufunika nthochi pakhomo. Wachita kusenza wekha, ndi jekete lako labwinoli, uku ukuimba!" Anaitana mdzukulu wawo kuti agwire tambala wamkulu uja, wa alendo olemekezeka. Anthu anali atatizungulira, onse akundiyang'ana mwachikondi, chithunzi chikuyenda dzanja ndi dzanja.

"Koma sunalemedwe nawo?" anandifunsa.

Ndinayang'ana munthu wa pachithunzi uja, ndinayang'ana amayi, misozi idakali m'masaya.

"Unali wolemera ndithu, amayi," ndinatero.