Mayi Kettie Dzinyemba m'Dziko la Maboma Awiri

Bambo mfumu atandipempha kuti ndilembe za moyo wa Mayi Kettie Dzinyemba m'nyuzi yathu ya parishi, ndidakana kawiri. Sukulu ndidalekeza Folomu 4, ndipo amene mumandidziwa mukudziwa kuti ngakhale kuwerenga mawu pa Misa kumandivuta. Koma adati, "Mudakhala nawo nyumba imodzi zaka zitatu, tikapemphenso ndani?" Amuna anga a Edwin awerenga zonsezi, ndipo avomera kuti zituluke mmene zililimu ngakhale zina zikuwakhudza.

Mayi Dzinyemba adabadwa mu 1955 ku Ntcheu, kufupi ndi mishoni ya Nsipe. Bambo awo adali telala wapakhonde la sitolo, mayi awo ankagulitsa kachewere pamsewu. Sukulu adalekeza Sitandade 8 kuti mlongo wawo apitirize. Ali ndi zaka khumi ndi zisanu ndi ziwiri adayamba ntchito yokolopa ndi kuchapa zofunda pakachipatala kena ka masisitere. Kumeneko ndi kumene adalowa Lejio ya Maria, komanso ndi kumene adaphunzira kusambitsa wodwala osamuchititsa manyazi. Ankati, "Wodwala umayamba wamupatsa moni, kenaka ndiye umuvundukule."

Adakwatiwa ndi dalaivala wa malole nabereka mwana mmodzi yekha, wamkazi, amene adamwalira ndi chikuku mu 1979 asanakwanitse zaka ziwiri. Za mwanayu sankakamba. Kamodzi kokha, tikusenda anyezi, adandiuza kuti, "Tsiku la sikelo kudagwa mvula, mtsinje udadzaza, ndiye ndidati ndidzapita naye mwezi wamawa." Adangolekeza pomwepo. Amuna awo adafa pangozi mu 1994. Patapita zaka zinayi mlongo wawo uja ndi mkazi wake adatsatizana kumanda ndi matenda aja tonse tikuwadziwa, nasiya mwana wa zaka zisanu ndi zinayi. Mwanayo ndi a Edwin. Azakhali awo adawatenga, ndipo kuyambira tsiku limenelo sadawatchulenso azakhali koma amayi.

Ku Canada adabwera mu 2004 kudzalera ana a banja lina la kwathu ku Oakville, atasiya a Edwin kusukulu yogonera konko. Anawo atakula, adaphunzira kosi yosamalira okalamba napeza ntchito panyumba ina ya okalamba mu Toronto. Adagwirapo zaka zoposa khumi, basi ndi sitima tsiku lililonse, kolona m'thumba la jekete. Adaitanitsa a Edwin kudzaphunzira, ndipo ine nditakwatiwa ku Blantyre n'kubwera kuno mu 2019, ndidawapeza awiriwa akukhala m'besimenti, zipinda za pansi pa nyumba ya eni, ku Brampton. Ndinkaopa chilichonse: chipale, mabasi, belu lapakhomo. Amayi sankandiseka. Ankangoti, "Valani masokosi awiri, tiyeni," n'kutuluka nane.

Mliri utafika mu 2020, anzawo ambiri kuntchito adadwala, ena adasiya. Iwo adali ndi zaka makumi asanu ndi limodzi mphambu zisanu, akadatha kukhala pakhomo popanda wowanena. Sadatero. Achibale sankaloledwa kulowa, ndiye okalamba ambiri adatsirizikira m'manja mwawo. Akatolika ankawapempherera kolona, achisilamu ankawatembenuzira bedi kumene ana awo anena pafoni, amene sankapemphera ankangowagwira dzanja. Ine ndidali woyembekezera. Akaweruka ankavulira zovala pamasitepe, n'kumandilankhula ali kuseri kwa chitseko. Katemera atabwera adali m'gulu loyamba kubayitsa. Hilda wathu atabadwa ine ndinkazengereza, poopa kuti mkaka uwonongeka. Amayi adandiperekeza kufamase, adandigwirira mwana, ndipo kwa masiku atatu adandilola kumawafunsa kakhumi patsiku ngati mwana akupuma bwino.

Amene adakana ndi a Edwin. Ankagwira ntchito yokweza ndi kutsitsa katundu m'ndege pabwalo lalikulu la ndege la ku Toronto, ntchito yabwino, yokhala ndi inshuwalansi ya mano ndi mankhwala, imene tonse atatu ndi khanda tinkadalira. Koma pafoni pawo pankabwera mauthenga a kumudzi usana wonse, akuti obayitsa sadzaberekanso, akuti ndi chizindikiro cha chilombo. Mnzawo wa kuntchito, a Laban a ku Chipata, ndiye ankakokomeza kuposa onse.

Apa ndifotokoze pang'ono chifukwa cha achibale amene adzawerenge ali kumudzi. Kuno kuli boma lalikulu la ku Ottawa, komanso chigawo chilichonse chili ndi boma lakelake, lathu ndi la Ontario. Masukulu, zipatala ndi nyumba za okalamba zili m'manja mwa Ontario. Ndege ndi mabwalo ake zili m'manja mwa Ottawa. Ine ndidatha zaka ziwiri ndisakudziwa zimenezi. Kwathu wailesi ikati boma lanena, ndiye kuti lanena, kuyambira ku Chitipa mpaka ku Nsanje.

Kumapeto kwa 2021 maboma onse awiri adaika malamulo okakamiza katemera, lililonse kwa antchito a mbali yake. A Edwin adaimitsidwa ntchito opanda malipiro. Amayi adali atalemba kale kalata yoti apuma pa Khirisimasi, chifukwa msana ndi m'mimba zinkawavuta. Adakaitenganso kalatayo osatiuza. Nyengo yozizira yonseyo, mliri utabwereranso mwamphamvu, nkhalamba ija inkatuluka m'chipale kukagwira mashifiti owonjezera, mnyamata wamphamvu ali pampando. Ine ndinkaonera pakawindo ka besimenti, kamene kamangoonetsa mapazi a anthu, ndipo ndidaona kuti mapazi awo ayamba kukwakwaza. Ndikawafunsa ankati ndi nsapato.

Mu Febuluwale kampani idatumiza kalata: amene sadzaonetsa umboni wa majakisoni awiri pofika kumapeto kwa Epulo adzachotsedwa ntchito. A Edwin adaiika pansi pa wailesi ya kanema. Kenaka mu Malichi boma la Ontario lidachotsa malamulo ake. M'malesitilanti adasiya kufunsa ziphaso za katemera, ndipo mayi wina wa mumphakati wathu amene adaimitsidwa panyumba ya okalamba adaitanidwanso. A Edwin adavina m'khitchini atanyamula Hilda.

"Mwaona? Ndimati chiyani ine? Boma lagonja. Angondiimbira foni basi."

Amayi adali akumasula nsapato. Adati, "Edwin, dziko lino ndi la mitala. Amene akhululuka ndi mayi aang'ono. Iwe mbale yako ili kwa mayi aakulu, ndipo sadatsegule chitseko."

"Amayi, boma ndi boma. Inu zandale mumazidziwira kuti?"

"Sindizidziwa. Ndimangowerenga pamwamba pa kalata kuti yachokera kuti. Pita ukabayitse, mwana wanga, masiku akadalipo."

"Ndibayitse pamene zatha? Anthu andiseke?"

Adawauzanso kachiwiri pa Lamulungu la Kanjedza, tikuchokera ku Misa. Kachitatu sadanene. Ine ndiye ndinkanena m'mawa ndi madzulo, mokalipa, molira, mpaka a Edwin adayamba kumadyera m'galimoto. Amayi ankanditsina pamkono. "Make Hilda, msomali ukaumenya kwambiri umapindika." Iwo adangoyamba kusala chakudya Lachitatu ndi Lachisanu. Ndidadziwa chifukwa ndimawerenga mbale posuka.

Foni sidalire. Kutatsala sabata imodzi kuti Epulo athe, a Edwin adasita yunifomu napita okha kubwalo la ndege kukafunsa tsiku loyamba. Baji yawo idakana kutsegula chitseko. Ali chiimire, a Laban adatulukira ali m'zovala za ntchito, khofi m'manja.

"Ah, mudala, mwabwela kucita cani?"

"Kudzayamba ntchito. Si lamulo linatha? Nanga iwe walowa bwanji?"

A Laban akuti adayang'ana pansi. "Ine nyeleti ya katemela ninalasiwa kudala, mu Novemba. Sininakuuzeni cabe. Ontario isilila pa geti paja, mudala. Muno ni mwa Ottawa."

Tsiku lomwelo a Edwin adakabayitsa jakisoni woyamba. Adabwera kunyumba atagwira phewa, nakhala pamasitepe osalowa. Wachiwiri sabaya pasanathe milungu itatu, ndipo iwo adatsala ndi sabata imodzi yokha. Adalemba kalata yopempha masiku, adapita kwa a yuniyoni, adakafika ngakhale kuofesi yoona za antchito ya Ontario, kumene mayi wina adawauza mwaulemu kuti nkhani za pabwalo la ndege si za ofesi imeneyo. Kalata yowachotsa idafika sabata yoyamba ya Meyi.

Amayi sadaione kalatayo, chifukwa masiku awiri m'mbuyo mwake adagwa pamalo odikirira basi. Kuchipatala adapeza khansa ya kapamba, itafalikira kale. Dokotala adatifunsa kuti munthuyu ankagwira bwanji ntchito ndi ululu wotere. 

Apa ndiulule tchimo langa, lomwe ndidalapa kale kwa bambo mfumu. Ine ndi a Edwin tidapangana kuti amayi asadziwe zoti ntchito yatha. Tidawauza kuti kampani yamva chisoni ndipo ntchito yayambanso. Baji adabweza, koma chijekete chowala cha kuntchito chidatsala, ndiye masana alionse a Edwin ankachivala pokawaona, ngati akuchokera kushifiti. Amayi ankawafunsa kuti ndege zinali zingati lero, iwo n'kumayankha. Ine ndinkakhala pakona ndi mwana, kuyang'ana nkhope yawo ngati akukhulupirira. Tikatuluka m'chipindamo sitinkalankhulana. Mumtima ndidali nditamanga kale katundu, kuti amayi akangotisiya nditenga Hilda ndikakhale kwa mnzanga ku Hamilton.

Loweruka pa 11 Juni bambo mfumu adawadzoza mafuta a odwala, nalandira Ukalistia. Azimayi a Lejio atatuluka, amayi adatiitana pafupi. Mawu adali atachepa koma ankamveka.

"Edwin, wa pabwalo la ndege amanunkha mafuta a ndege. Zaka zisanu ndinkachapa ndine. Iwe milungu isanu yonseyi ukununkha sopo wa make Hilda. Vula chimenecho, kukutentha."

A Edwin adagwada nayamba kulira ngati mwana. "Amayi, ndakuphani ndine."

"Usadzikweze. Wakupha ndi kuukitsa alipo mmodzi, si iwe. Unalakwa, walipira, basi. Mawa Lamulungu, Lolemba ukayambe kuapulaya. Pita ukanditengere madzi oundana ndinyowetse milomo."

A Edwin atatuluka, amayi adandigwira dzanja. Zala zawo zidali zopepuka ngati mapesi.

"Make Hilda, inu munkanena zoona, ndipo iye akudziwa. Ndiye pali mawu amene ndikukupemphani musadzamuuze, akuti 'paja ndinkanena'. Mawu amenewo amakoma pakamwa, koma nyumba imene alowamo simukhala anthu awiri."

Ndidati, "Amayi, nanga ukali wangawu ndiupititse kuti?"

"Kwa Ambuye Yesu. Iwo sachoka panyumba."

Adamwalira mawa lake masana, pa Lamulungu la Utatu Woyera, tikunena kolona ya zisangalalo imene adasankha okha. Sadabuule. Tidangoona kuti mikanda yasiya kuyenda m'zala zawo. Patangopita masiku awiri, Lachiwiri, tikusankha bokosi, Ottawa idalengeza kuti ikuimitsa lamulo lake. Anzawo a Edwin amene makampani awo adangowasiya oimitsidwa adaitanidwa. Amene adachotsedwa kale adauzidwa kuti akafuna apemphe ntchito mwatsopano, ndipo a Edwin adapempha kawiri osayankhidwa. Tidawaika amayi kuno ku Brampton, kutali ndi kamwana kawo ka ku Nsipe, chifukwa adatiletsa kuvutitsa anthu ndi zotumiza maliro.

Akhristu anzanga, ena mwa inu mudabayitsa, ena simudabayitse, ndipo ndikudziwa kuti alipo mumpingo muno amene sapatsanabe moni wa mtendere chifukwa cha nkhaniyi. Ine sindine woweruza. Ndangolemba za mayi amene adanena zoona kawiri, kenaka nasenza mtolo wa munthu amene sadamvere, osamuwerengera.

A Edwin pano amapakira makatoni kuweyahausi ina yosungiramo katundu, ntchito ya ejensi, ya lero ilipo mawa kulibe. Ku Hamilton sindidapite. Koma ndisakunamizeni kuti ndasanduka woyera. M'mawa wina akamavala nsapato zawo zachitsulo za kuntchito, kapena Hilda akatentha thupi ine n'kukumbukira kuti inshuwalansi ija tilibenso, mawu aja amakwera mpaka pammero. Ndimaluma mlomo, n'kuwapatsa chakudya chawo cha masana, n'kunena kuti muyende bwino. Mpaka lero sadatuluke. Mukamapempherera mzimu wa Mayi Dzinyemba kuti uuse mumtendere, mundikumbukireko inenso, kuti ndi mawa lomwe asatuluke.