Chimbudzi cha Ababa

Chaka chimene ababa anachita khungu ine ndinali mphunzitsi ku Namwera, wokwatiwa kumene, ndipo mutu wanga unali wouma ngati wawo womwe. Amayi anali atatisiya kale. Ababa anatsala okha m'nyumba yawo m'mbali mwa msewu wa ku Makanjira, pafupi ndi tchalitchi cha mishoni. Sukulu itatsekera ndinakwera lole ndi cholinga chimodzi: kukawatenga, afune asafune.

Ndinapeza zinthu zitafika pothina. Chimbudzi chinali chitagwa ndi mvula, poti kwathuko ndi mchenga wokhawokha. Ukakumba lero, mawa dzenje ladzikwirira lokha. Inali nthawi ija kolera atavuta kunyanja, ndipo achipani, omwe aja ofunsa makhadi pamsika, ankayenda khomo ndi khomo kuyang'ana chimbudzi, bafa ndi thandala. Ababa ankapita kutchire ndi ndodo, miyendo yonse ili zilonda za minga.

"Longedzani, ababa. Kwathu kuli nyumba ya malata, chimbudzi cha simenti."

"Ndamva, amayi," anayankha motero, koma osasuntha ngakhale chipewa.

Tinakangana masiku atatu. Ndinawalankhula mawu amene mpaka lero ndimachita nawo manyazi.

Tsiku lachinayi kunabwera mlangizi wa zaumoyo, pa njinga yopanda mabuleki yoimitsa ndi chidendene. Anali bambo wamfupi wa ku Ntcheu, Chiyao chake chothyokathyoka moti amayi a pachitsime ankamulankhulitsa dala kuti aseke. Ndinakondwa kuti wa boma wafika, andithandiza kuwanyamula. Ndinamufotokozera zonse ngati ndili m'kalasi. Iye anangogwedeza mutu, n'kukakhala pamphasa ndi ababa kumacheza za usipa. Ndinapsa mtima. Patapita nthawi anandiitanira pansi pa mtengo wa mango.

"Aphunzitsi, kunyumba kwanuko zimbudzi zilipo zingati?"

"Chimodzi."

"Ndiye mukufuna akuluwa azilowa mmene akulowa mkamwini wawo? Wowagwira dzanja mpaka pakhomo pake n'kukhala mwana wawo wamkazi?"

Ine wobadwira pamudzi pomwepo ndinachita kukumbutsidwa ndi mlendo. Ababa sakanatha kundiuza zimenezo. Akanalola minga iwamalize.

Mlangiziyo anali ataona miono yakale ili pakhonde, imene ababa ankaluka yotchera nsomba maso asanawathawe. Anabwerera pamphasa.

"Akulu, ndikufuna mundilukire mono waukulu, woti munthu n'kuimiriramo."

"Mukufuna mugwire mvuu?"

Anawafotokozera kuti adzautsitsira m'dzenje kuti uzigwira mchenga usagumuke. Ababa anayendetsayendetsa zala pabondo. Kenaka anati nsungwi zake zikhale zokhwima, osati zinyalala zimene amadula anyamata a masiku ano.

Analuka masiku anayi. Mlangizi ankabwera m'mawa uliwonse kudzang'amba nsungwi, n'kumakalipiridwa ngati wophunzira. "Iyi mwang'amba ndi mano kodi?" Iye ankangoseka, chala chili chomanga ndi kansanza. Abambo a kutchalitchi anakumba dzenje, anatsitsa monowo, n'kuyala mitengo pamwamba. Pomaliza mlangizi anapempha chingwe chakale cha khoka kwa asodzi. Anachimanga pamzati wa khonde, n'kuchiyendetsa pa zikhomo mpaka pachimbudzi, kuchoka apo mpaka kubafa. Pokhotera anamanga mfundo, kuti dzanja lizidziwa. Amayi a kutchalitchi anagawana masiku otunga madzi, ndipo mlangiziyo analonjeza kuti azidzawaona ababa Lachinayi lililonse.

Komabe mtima wanga unali usanagonje. M'mawa wa tsiku lobwerera ndinaima duu kuseri kwa nyumba, ndikudziuza kuti ababa akangogwa, ndiwakweza lole lomwelo.

Anatuluka, anafufuza chingwe, n'kuyamba kuyenda msana uli chilili, akung'ung'udza nyimbo ya kwaya. Pakati panjira phazi linagunda muzu. Anadzandira, ine mwendo unali utanyamuka kale, koma ndinadziluma mlomo n'kuima. Anakoka chingwe, anawongoka, anautukwana muzuwo m'Chiyao, n'kupitirira.

Pobwera anasamba m'manja, n'kuima pafupi ndi pamene ndinabisala.

"Amayi, sopo wanu wa m'tauniyo wakuululani kalekale. Mwaonatu?"

"Ndaona, ababa."

"Ndiye kakwereni lole lingakusiyeni. Mukawauze apongozi anga kuti nyumba ndili nayo."

Ndinakwera ndekha. Ndinalira njira yonse mpaka anzanga a palole anayamba kundipepesa, kuyesa ndikuchokera kumaliro, ndipo ndinasowa powayambira kuti ndikulira chifukwa bambo anga apita okha kuchimbudzi.