Nyama yobisa m'chaka cha chigodola

Uthenga unatipeza ku tchalitchi ku Nzama, Misa itangotha. Akatekisiti anawerenga kalata yochokera ku boma yonena kuti chigodola cha nkhumba chalowa m'dera lathu, choncho kupha nkhumba, kuyenda nayo kapena kugulitsa nyama yake n'koletsedwa. Pofika Lachitatu, ziwaya zonse za pamsika zinali zitazima.

Ine ndinali ndi nkhumba yaikazi ndi tiana take tisanu. Amuna anga anali ku Joni, ndiye khola, munda wa mbatatesi ndi amayi anga odwala, zonse zinkayang'ana ine.

Amayi anali atasiya kudya. Phala ankalavula, nyemba ankangokankhira kumbali. Tsiku lina anandiitana.

"Mwana wanga, kukhosi kwangaku kukufuna kankhumba. Kanthuli kamodzi kokha."

"Amayi, a boma aletsa."

"A bomawo ndiwo akudwala? Ine ndakula ndikudya imeneyo."

Ndinapita kwa bambo wina amene kale ankakazinga pachiwaya. Aliyense ankadziwa kuti akugulitsira kuseri kwa nyumba yake. Sindinafunse kumene nyamayo yachokera. Ndinaikulunga mujumbo n'kuibisa pansi pa mpiru m'dengu. Panjira njinga yamoto inatulukira kumbuyo kwanga, ine n'kuyesa ndi apolisi. Anali wakabaza chabe. Kunyumba ndinaphika chitseko chili chotseka, kuopa kuti fungo lingafike kwa anansi. Amayi anadya mpaka kunyambita zala.

Madzi amene ndinatsukira nyama ija ndinawathira m'ndowa ya gaga wa nkhumba, monga ndinkachitira ndi madzi onse otsukira mbale. Sindinaganizeko kawiri.

Patapita masiku awiri, alangizi a ziweto anafika akuyendera makola, atavala magambutsi, mpope wamankhwala kumsana. Anasuzumira m'khola langa.

"Zili bwino izi, mayi. Koma samalani. Matendawa sagwira munthu, koma munthu ndiye amawanyamula. Amayenda m'nsapato, m'nyama, ngakhale m'madzi otsukira nyama. Simunalowetse nyama ya nkhumba pakhomo pano?"

"Ayi, bambo," ndinatero, maso ali pansi.

Kuyambira pamenepo chakudya chinasiya kundikomera. Ndikamalima, ndinkasiya khasu n'kuthamangira kukhola kukaona ngati nkhumba zikupuma. Chimene chinkandiopsa kwambiri chinali khola la mayi oyandikana nane, lomwe linali pafupi ndi langa, kungodutsa mpanda. Nkhumba zawo zinayi ankazisungira ukwati wa mwana wawo.

Patatha masiku asanu chithirireni madzi aja, yaikazi ija sinadzuke nditathira gaga. Inali chigonere, thupi lotentha, ikunjenjemera, tiana tikuyamwa pamenepo. Ndinakhala pansi pafumbi. Ndinaganiza zongoikwirira mwakachetechete ikafa. Kenaka ndinamva nkhumba za kuseri kwa mpanda zikulirira chakudya.

Ndinayenda wapansi kukawapeza alangizi aja, nditavala zitenje ziwiri poganiza kuti mwina sindibwerako, ndikagona m'chitolokosi. Nditafika ndinagwada, n'kuulula zonse.

Alangiziwo anati, "Mukanandiuza tsiku lija, mayi, bwenzi titachenjeza anzanuwo msanga. Dzukani. Kumanga inu sikungadzutse nkhumba. Nyamayo munaigula kwa yani?"

Ndinamutchula bambo wa chiwaya uja. Mpaka lero tikakumana panjira amayang'ana kumbali.

Masana omwewo tinakumba dzenje lalitali kumunsi kwa munda. Yaikazi inali itafa kale. Tiana tonse alangizi anatipha, ngakhale tiwiri timene tinali tikuthamangabe. Ine sindinathe kuonerera, ndinakaima kuseri kwa nkhokwe nditatseka makutu. Anathira mankhwala, anakwirira, khola analitentha.

Mayi oyandikana nane aja anabwera ndi khasu lawo kudzathandiza kukwirira. Anali atamva zonse. Sanandikalipire, komanso sanandiyankhule. Sabata yotsatira nkhumba zawo ziwiri zinafa, zotsalazo n'kuphedwa. Alangizi anati mwina matendawo anachokera kwina, poti mudzi wonse unali utagwidwa kale. Ine sindinakhulupirire.

Ukwati unachitikabe mu Okutobala. Ndiwo zinali kabichi ndi nkhuku zochepa, zitatu mwa izo zochokera kwa ine. Ndinazipereka ndi manja awiri. Mayiwo anaziyang'ana, anandiyang'ana, kenaka anati, "Kazisiyeni kukhitchini, mukathandizenso kusenda mbatatesi."