Dalaivala Amene Anatsitsidwa M'basi Yake

Pali manyazi ena oti ukawakumbuka umatseka maso ngakhale uli wekha m'chipinda. A Dikirani anakumana nawo tsiku limene anatsitsidwa m'basi yomwe iwo eni anaiyendetsa kwa zaka zoposa makumi atatu.

Dzina loti Dikirani silinachokere kwa makolo awo, anawapatsa ndi anthu okwera basi. Pa udalaivala wawo wonse, bambowa sankanyamuka pasiteji asanayang'ane pagalasi la pambali. Akaona munthu akuthamangira basi uku akukuwa kuti adikire, ankadikiradi. Mabwana ankawakalipira chifukwa chofika mochedwa, iwo n'kupepesa mwaulemu, mawa lake n'kubwerezanso.

Zaka zitakwana, kampani inawapumitsa. Inawachitira kaphwando n'kuwapatsa wotchi yapakhoma, ngati kuti munthu wopuma pantchito ali ndi koti achedweko.

Kunyumba masiku anatalika. Ankadzukabe m'mamawa, kusamba, kuvala malaya a yunifolomu, kenako n'kukhala pabalaza maso ali pa wotchi ija. Akazi awo anayesa kuwapatsa tintchito. Maluwa anafa ndi kuthiriridwa, ndipo chitseko cha kabati chinakonzedwa mpaka chinathyoka. Chimene ankachilakalaka sichinali m'nyumbamo. Ankasowa fungo la dizilo, kunjenjemera kwa chiwongolero m'manja, ndi mawu a munthu wopuma wefuwefu akuti zikomo adalaivala. Panalibenso amene ankawafuna pamsewu uja, ndipo zimenezi zinkawawa kuposa nyamakazi ya m'mawondo mwawo.

Paja madzi saiwala khwawa. Anayamba kukwera basi yawo yakale ngati wapaulendo wamba, kukafika kumapeto kwa msewu n'kubwerera, kopita kulibe. Ankakhala kuseri kwenikweni kwa dalaivala watsopano, phazi likuponda buleki yomwe panalibe, pakamwa pakung'ung'udza kuti giya yachedwa, pakona apa walowa ndi liwiro. Dalaivalayo, bambo wofatsa wa msinkhu wa mwana wawo woyamba, ankangopirira.

Tsiku lina, pamphambano ya pafupi ndi msika, a Dikirani anaona njinga ikutulukira, ndipo asanadzigwire anakuwa kuti buleki. Dalaivala anali ataiona kale njingayo, koma mfuuyo inamudzidzimutsa mpaka anaponda buleki mwamphamvu. Anthu anagwerana, mazira a mayi wina anasweka, khanda linagunditsa mutu pampando n'kuyamba kulira. Dalaivala anaimika basi pambali, natembenuka.

"Achikulire, ine ndimakulemekezani. Koma basi ilibe ziwongolero ziwiri. Tsikani."

Anatsika, anthu onse akuwayang'ana. Palibe anawaikira kumbuyo, ndipo chopweteka kwambiri n'chakuti mumtima ankadziwa kuti dalaivalayo sanalakwe. Iwonso akanachita chimodzimodzi.

Kuyambira pamenepo anadzitsekera m'nyumba. Yunifolomu anaipinda n'kuiika pansi pa sutikesi. Basi ija ikamadutsa kumsewu ankaizindikira ndi kulira kwa injini yake, ndipo ankakweza wailesi kuti asaimve.

Amene anawatulutsa ndi akazi awo, tsiku lokayezetsa kuthamanga kwa magazi.

"Bambo, ngati mwaganiza zofera pampando umenewo, yambani mwandiperekeza kuchipatala, mukadziwiretu njira."

Anakwera basi ina, ya msewu wozungulira, pofuna kupewa yawo ija, yomwenso inkadutsa kuchipatalako. Mayiwo ali pamzere mkati, a Dikirani anakhala panja pasiteji ya kuchipatala. Apo anaona nkhalamba ina ikutuluka pageti ndi ndodo. Basi inafika, inanyamula amphamvu okhaokha, n'kunyamuka. Nkhalamba ija inangokweza ndodo m'mwamba, n'kutsala padzuwa. Patapita kanthawi zinachitikiranso mayi wina amene ankayendetsa mwamuna wake pang'onopang'ono, atamugwira m'chiuno.

Poyamba a Dikirani anapsa mtima, nati madalaivala a masiku ano alibe chisoni. Koma chizolowezi chinawakokera pomwe basi imaima, ndipo anayang'ana kumbuyo monga mmene galasi limaonera. Geti silinkaoneka. Pakati pa geti ndi siteji panali patamangidwa kagolosale katsopano, komwe m'masiku awo kunalibe. Madalaivala aja sanali ouma mtima, ankangosiya anthu omwe sankawaona.

M'mawa mwake anavala malaya wamba, nakaima pakona ya kagolosale kaja, malo okhawo omwe munthu amaona geti uku iye akuoneka pagalasi la basi. Wodwala akamatuluka basi ili pasiteji, ankakweza dzanja. Wodwalayo akakwera, ankalitsitsa. Ntchito yake inali yomweyo basi.

Musaganize kuti anawalandira ndi manja awiri. Madalaivala ankaliona dzanjalo n'kungonyamuka, poganiza kuti ndi madala osokonezeka mutu. Ogulitsa zipatso ankawaseka kuti apolisi apamsewu opanda chipewa afika. Odwala ena ankakumbatira zikwama zawo akawaona akuyandikira. Mvula inawanyowetsa, mawondo anatupa. Basi yawo yakale ikafika, dalaivala uja ankayang'ana kutsogolo ngati sakuwadziwa, ndipo a Dikirani ankamva ngati atsitsidwanso kachiwiri.

Madzulo ena anafika kunyumba atagwa mphwayi, nauza akazi awo kuti mawa sapitanso. Mayiwo anangowaikira madzi otentha othowera mawondo, n'kuwafunsa kuti kodi munthu amene anadikira anthu osawadziwa moyo wake wonse walephera bwanji kudikira madalaivala anzake. Kutacha, anapeza nsapato zawo zitapolishidwa kale pakhomo. Anapitanso.

Anadziikira malamulo awiri. Loyamba, kusauza dalaivala aliyense kayendetsedwe ka basi, ngakhale lilime litayabwa chotani. Lachiwiri, kusakweza dzanja pachabe. Kuona maso a nkhono n'kudekha. Dalaivala wina anayesa kudikira, naonadi gogo akutulukira kuseri kwa kagolosale. Anakauza anzake kudepoti kuti dzanja la madala aja silinama. Pang'onopang'ono mabasi anayamba kumvera dzanjalo, ndipo ena pochoka ankaliza hutala pang'ono ngati moni. Ngakhale basi yawo yakale inayamba kudikira, ngakhale kuti dalaivala wake sankawayang'anabe kumaso.

Anzawo ena opuma pantchito anayamba kubwera, mphunzitsi wakale, mlonda wakale, mayi wina amene ankagwira ku positi. Anabweretsa benchi ndi maambulera, n'kumasinthana. Wina ankagwira odwala mkono, wina kuwanyamulira katundu, wina kuwauza basi yoyenera. A Dikirani anayambiranso kudzuka m'mamawa ali ndi kopita, ndipo wotchi yapakhoma ija inapeza ntchito.

Koma ndikanati chilakolako chinatha, ndikananama. Basi yawo ija ikaima pasiteji, maso awo ankathamangira pampando wa dalaivala, wong'ambika pakona pomwe iwo ankatsamira. Sanaikwerenso chitsitsidwire. Tsiku lililonse ankazungulira ndi basi ina ija, ulendo wautali, kuopa kumvanso mawu oti tsikani.

M'mawa wina mawondo anakana, ndipo anatuluka mochedwa atagwira ndodo. Basi yozungulira inali itapita. Pasiteji ya kwawo panaima yawo yakale, anthu atakwera kale, injini ikulira. Iwo anali patali ndithu. Kuthamanga sakanatha, ndipo kukuwa anachita nako manyazi. Anangoima m'mbali mwa msewu, mtima uli kwa odwala omwe akatsale padzuwa tsiku limenelo.

Basi inasuntha pang'ono, kenako inaima. Inangokhala chiimire, chitseko chili chotsegula. A Dikirani anayamba kuyenda, ndodo patsogolo iwo pambuyo, ndipo basi inadikirabe mpaka anagwira chitsulo cha pakhomo.

"Ndinakuonani pagalasi, achikulire," anatero dalaivala uja. "Khalani apa, kuseri kwanga."

"Sindiyankhula kanthu, mwana wanga."

"Phazi lokhalo muziponda nalo, silindisokoneza."

Anakhala pansi. Anafuna kunena zikomo adalaivala, mawu omwe iwo anawamva kwa zaka zonse zija, koma m'malo mwake misozi inangoti chuchuchu. Atafika pamphambano ya pamsika phazi linapondadi buleki yake ija, pakamwa pali chete.

Inu amene mwapuma pantchito ndipo mukuona ngati dziko lanyamuka kukusiyani pasiteji, mpando wanu wakale mwina simudzaukhalanso, ndipo kuusowa si tchimo. Koma chimene chinkapangitsa anthu kukuthokozani simunachisiye kuofesi pamodzi ndi makiyi, munabwera nacho kunyumba. A Dikirani anabweza chiwongolero, koma diso loona wotsalira linali lawolawo. Tulukani, mukapeze pakona pomwe dzanja lanu likufunika, mukalikweze ngakhale akusekeni. Osataya mtima, alipo wina akukuonani pagalasi.