Munthu Wopanda Achibale

Mzungu amene ankaphunzitsa nafe sayansi ku Chintheche, pobwerera kwawo, anagawa katundu wake. Anzanga analandira njinga, wailesi ndi matiresi. Ine, amene ndinkamuthandiza kunenerera mtengo wa nsomba chaka chonse, anandisiyira buku long'ambika chikuto ndi kathumba ka madayisi, timiyala ta manambala toponya pamasewera. Anati ine ndi amene ndingamvetse. Mpaka lero sindidziwa ngati kunali kundiyamikira.

Buku lija linali la masewera ochitira patebulo. Mmodzi amayendetsa nkhani, enawo aliyense amapanga munthu wake papepala. Amamupatsa ntchito ndi mbiri, kenako amagawa mapointi ochepa pa zinthu monga mphamvu, nzeru, liwiro ndi kudziwana ndi anthu. Munthuyo amalowa m'dziko la mizukwa ndi zilombo zoyamwa magazi, ndipo akafuna kuchita chinthu chovuta, madayisi ndiwo amagamula. Bukulo linkalola kuti iwe mwini ukhale namapopa. Apo ndiye ndinakanitsitsa. Zenera la pabalaza pathu linkayang'ana njira ya kumjigo, ndipo woyandikana nafe anali mkulu wa mpingo. Mayi wopita kukatunga madzi amve mphunzitsi akuti "tsopano ndimupopa"? Ayi ndithu. Ndinakhazikitsa lamulo lakuti patebulo panga aliyense akhale munthu wamba.

Tinalipo atatu, tonse obwera: ine wa ku Dedza, mlangizi wa ku Kasungu amene ankagwira ntchito kuminda ya mpunga ku Limphasa, ndi mnzanga wa ku Mulanje amene ankayeza magazi kuchipatala. Tinkasewera Loweruka masana.

Ndinaona zakuda ndi anthu wamba awo. Wa mlangizi anali msilikali wopuma ntchito, wodziwa karate, kuyendetsa ndege ndi kuchita opaleshoni. Ndinamufunsa ngati anthu wamba a ku Kasungu ali choncho, iye n'kundiyankha kuti ndikuoneka kuti ku Kasungu sindinafikeko.

Mnzanga woyeza magazi uja sankachita zachibwana zoterozo. Anabwereka buku, n'kukaliwerenga kwawo ngati akukonzekera mayeso. Anabwera ndi mlenje wa mizukwa wopanda makolo, wopanda mkazi, wopanda kwawo, woyenda yekha ndi chikwama chakuda, wosalankhula ndi munthu. Mapointi onse anawaponya pa mfuti ndi kuyenda monyang'ama. Pa kudziwana ndi anthu analemba ziro.

"Achibale ndi pogwirira chilombo, aphunzitsi," anandifotokozera. "Munthu amene alibe wake simungamuopseze."

Ndipo ankanena zoona. Mlenje uja ndinamutumizira zilombo za mitundu yonse, koma zinkabwerako manja ali m'khosi.

Mwini wakeyo sankasiyana kwambiri ndi mlenjeyo, kungoti mfuti analibe. Anali munthu wabwino, wamanyazi, wokhala yekha, nayenso woyenda ndi chikwama chakuda. Ankaitanitsa ufa wa chimanga kuchokera kutali chifukwa akuti kondowole ankamukakamira pakhosi. Chitonga sankachidziwa ngakhale moni. Pamudzi pakagwa maliro, ankavula chipewa podutsa pamsewu, koma osakhota.

Mkazi wanga ndi wa ku Bandawe, ndipo ankaphunzitsa kupulaimale. Kuyenda naye kumsika kunali chilango, chifukwa aliyense amene takumana naye anali m'bale wake, ndipo aliyense anali ndi nkhani. Ife tikamasewera, iye ankachonga makope pakona, uku akutiseka chamumtima. Tsiku lina anatola pepala la mlenje n'kuliwerenga, kenako anafunsa mwini wake.

"Alamu, ameneyu ndi mwana wa yani?"

"Alibe makolo, mlamu."

"Amalume ake?"

"Alibe."

"Nanga akamwalira adzalira ndani?"

"Samwalira. Ndinamupanga bwino."

Mkazi wanga anatembenukira kwa ine. "Bambo, paja munati patebulo pano anamapopa ndi oletsedwa. Nanga uyu ndi chiyani?"

Tinaseka, ndipo mlangizi anamuuza kuti ngati akudziwa bwino apange wake. Kumeneko kunali kuputa mavu pachisa. Anakoka mpando n'kupanga mayi wogulitsa usipa, wosatha kuthamanga, wosatha ndewu, wodwaladwala mawondo. Mapointi onse anawaika pa kudziwana ndi anthu, ndipo mawuwo anawafufuta n'kulembapo kuti achibale.

Nkhani yanga ya tsikulo inali ya mzukwa wokhala m'nyumba yakale ya njerwa. Ndinaikonza sabata yathunthu kuti anthu anjenjemere. Mzukwa utangotulukira, mkazi wanga anati, "Ndikuitana alongo anga." Anaponya madayisi, n'kugwa bwino. Alongo anabwera ndi azilamu awo. Msuweni wina anali ndi galimoto ya matola, wina anali wa kwaya, wina anali mmisiri wodziwa kuphwasula denga. Ndinafufuza m'buku monse lamulo loletsa zimenezi, osalipeza. Mzukwa wanga unathera pakati pa anthu oimba nyimbo za m'buku, akuufunsa kuti kwawo n'kuti.

"Awa si masewera," anadandaula woyeza magazi. "Uwu ndi msonkhano wa banja."

Zinali zoseketsa mpaka chaka chimene mphekesera ya anamapopa inakwera ndi maminibasi kuchokera kummwera. Poyamba inali nkhani ya pasiteji ndi pamsika. Kenako anthu anayamba kufunsana. Ndani amatenga magazi a anthu kuno? Ndani amachokera kummwera? Ndani amayenda ndi chikwama chakuda, ndipo sanaonekepo pamaliro? Yankho silinafune madayisi. Amayi anayamba kukana kuti ana awo abayidwe pachala. M'mawa wina mnzanga anapeza magalasi a zenera lake ali pansi, mwala uli pabedi.

Loweruka limenelo anabwera wopanda pepala lake. Anakhala pansi n'kunena kuti wapempha kuti amusamutse, koma zimenezo zimatenga miyezi. Ine ndinachita mantha kwambiri, chifukwa ndinkadziwa zimene anthu amachita akagwirizana kuti wina si munthu. Ndinayamba kunena za apolisi. Mkazi wanga anatseka kope limene ankachonga.

"Alamu, mapointi anu munagawa molakwika. Tiyambirenso."

Ku Bandawe kunali maliro a msodzi wokalamba, ndipo mwambo unali mawa lake. Sindifunikanso kunena kuti malemuwo anali achibale a mkazi wanga. Masana onsewo anamuphunzitsa mnzanga. Chikwama chitsale. Akafika apereke moni wa Chitonga, anene kuti timuwoneni, akamulonjera ayankhe yewu. Akaona khasu alitole asanauzidwe. Kondowole akabwera adye, nkhope isakwinyike.

"Ndipo kuyambira lero ndinu mng'ono wawo wa bambo awa."

Ndinatsutsa. Dedza ndi Mulanje n'kutali, ndipo ine ndi wamfupi, mnzangayo ngati mtengo wa bulugamu.

"Kwa ife kuno, aliyense wochokera kutsidya kwa Dwangwa ndi wa mtundu umodzi," anatero. Nditamukumbutsa kuti mayi wovala bulauzi yoyera ya kumpingo sayenera kunama, anandiyang'ana. "Munthu amene wakhala akundithera shuga Loweruka lililonse, inu mukuti ndi mlendo?"

Tinapita. Anthu atamuona mnzanga, phokoso linachepa. Moni wake anaunena mopotoka moti ana anabisa nkhope. Kumanda anatola khasu n'kulowa m'dzenje. Koma manja ozolowera jekeseni si a khasu. Matuza anatuluka, anaphulika, iye osasiya, mpaka mpini unafiira. Atatuluka anamupatsa madzi osamba m'manja, madziwo n'kusanduka ofiira.

Azakhali a mkazi wanga, amene pakamwa pawo ndi pamene mphekesera inkagona, anamuloza ndi mlomo n'kufunsa m'Chitonga kuti ameneyo ndi wa yani. Mkazi wanga sanawafotokozere za Dedza kapena za Mulanje. Anayankha liwu limodzi, mokweza kuti amayi onse amve: "Ngwidu." Ndiye kuti ndi wathu.

Azakhali anamuitana, anamugwira manja, anawatembenuza uku ndi uku. Kenako anauza amayi anzawo kuti namapopa sangataye magazi chonchi. Amayi anaseka chobisa pakamwa ndi zitenje, poti panali pamaliro. Kondowole anabwera, mnzanga anadya, misozi ili m'maso, ndipo anthu anati akulira malemu.

Mphekesera inakweranso minibasi n'kupitirira. Koma chibale sichili ngati malaya oti ukabwerako kumaliro uvule. Kuyambira pamenepo mnzanga anali wa pamudzi. Maliro, amuitane. Ukwati, anyamule mabenchi. Mwana watentha thupi, akamugogodere. Azakhali ankamutuma ngati anamubereka okha. Masewera athu anafa chifukwa Loweruka lililonse mlenje wathu anali kwinakwake atanyamula nkhuni.

"Mlamu, munandipanga munthu, tsopano ndilibe Loweruka," ankadandaula.

"Pepani alamu. Kodi ndikubwezereni ziro wanu?"

Chilolezo chosamuka chitabwera, mnzanga anawauza akuluakulu a kuntchito kwake kuti wasintha maganizo. Ine ndinamukwiyira mkazi wanga kwa kanthawi ndithu, chifukwa ndinali ndi nkhani yabwino ya ng'ona yolankhula imene sinaseweredwe mpaka lero.

Anakhala nafe zaka zambiri, tsitsi lathu n'kuyerera limodzi. Matenda a shuga ndi amene anamutenga. Ndinamva kuwawa ngati ndataya mng'ono wanga weniweni, ndipo pofika nthawiyo ndinali nditaiwala kuti linali bodza.

Mkulu wake anabwera kuchokera ku Mulanje ndi achibale ochepa pa kalole kakang'ono, kudzatenga thupi. Anati ankadziwa kuti m'bale wawo ndi munthu wosakonda anthu, ndiye anaganiza kuti angonyamula n'kubwerera. Bokosi litangokwezedwa, azakhali, amene tsopano ankayendera ndodo, analamula kuti awakweze. Anatsatira amayi a kwaya, asodzi, mlangizi, ndi ena amene ine sindinkawadziwa. Dalaivala anachonderera kuti matayala aphulika, koma palibe anatsika. Achibale a ku Mulanje anaima pamsewu ndi zikwama zawo, malo atatha, ndipo ine ndi amene ndinakawapezera minibasi.

Mkulu wake uja, asanakwere, anapita kumbuyo kwa lole, kumene mkazi wanga anakhala atatsamira bokosi.

"Pepani mayi," anatero mwaulemu. "Kodi anthu onsewa ndi ndani ake?"

Ndinadikira kuti anene liwu lake lija. Sanathe. Anali akulira.