Mlendo wa amalume ku Rugare

Moni nonse, ndine Esnati.

Ndili ku Rugare kunyumba kwa malemu amalume a Banda, ndimalongedza mabuku awo. Masana ano kwabwera bambo wina, akuti amalume anamuphunzitsa masamu ku koleji. Amakumbukira moseka kuti iwo sankakonda bolodi, ankatulutsa kalasi yonse panja ndi chingwe kukayeza chithunzithunzi cha mtengo, kuti apeze kutalika kwake osaukwera.

Kenako wafunsa, "Kodi afika kale? Ndakwera nawo kombi m'mawa uno kuchokera ku Kuwadzana."

Ndamuuza kuti tinawaika m'manda mwezi watha. Wangokhala pansi pakhonde n'kutulutsa kapepala m'thumba. Akuti amalume amulembera funso mukombimo, ati abweretse yankho kunyumba.

Abale, zolembazo ndi zawo ndithu, mpaka seveni wawo wodula pakati uja. Nditatembenuza kapepalako ndapeza kuti ndi pulogalamu ya maliro awo, yomwe ndinakasindikiza ndekha.

Bamboyo wapita, kapepala wakasiya patebulo. Sindinakakhudzenso. Azakhali abwera posachedwa kuchokera kutchalitchi. Amayi, achimwene, ndiwaonetse kapena ndikabise?